Tisanamizire WhatsApp: kulemba za bizinesi sitidakuphunzire n'kale lomwe

Dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri tikakhala pansi ndi akuluakulu akwathu muno mu Harare, kaya ndi pamaliro ku Mufakose kaya ndi potuluka m'tchalitchi ku Highfield, ndi lakuti ana a masiku ano sadziwa kulemba. Wolakwa amadziwika kale mlandu usanayambe: foni. Akuti WhatsApp yawononga ana, Facebook yawasokoneza mitu, TikTok ndiye yamalizitsa. Ine dandaulo limeneli ndimalivomera theka lokha. Zoti achinyamata ambiri amalephera kulemba uthenga wa bizinesi womveka bwino n'zoona, ndipo zikutitayitsa ndalama tsiku ndi tsiku. Koma zoti foni idatibera luso limene tidali nalo kale, ayi, pamenepo tikudzinamiza. Luso lolembera munthu amene sali pafupi, amene sangakudule mawu n'kukufunsa kuti "mukutanthauza chiyani", ambirife sitidaphunzitsidwepo, ngakhale ife amene tidakula foni kulibe.

Tiyeni tikumbutsane za kale limene timalilirali. Agogo athu adabwera kuno kuchokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi, m'makhitchini a azungu ndi ku khonsolo, mzinda uno ukutchedwabe Salisbury. Ambiri adalowa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pakati pa 1953 ndi 1963, ena chitaganyacho chisanabwere n'komwe. Makalata opita kumudzi ankalembedwa ndithu, ndipo amene mabanja ena adasunga ndi okoma kuwerenga: malonje aatali, kufunsa za aliyense mpaka mbuzi za m'khola, nkhani ya ndalama n'kubwera kumapeto. Koma ankalemba ndani? Pa komboni yonse olemba ankakhala owerengeka: kalaliki wa pafamu, mkulu wa mpingo, mwana amene adapondako sukulu ya mishoni. Ena onse ankapita kwa iwowo kukawauza mawu. Amene adalibe womulembera, kapena adachita manyazi kuulula mavuto ake kwa mlembi, adangokhala chete, ndipo kumudzi adamutcha mtchona. Choncho tikamaika makalata a nthawi imeneyo pambali pa mameseji a lero, tikuyerekeza akatswiri ochepa a dzana ndi chinamtindi cha anthu onse a lero. Mlandu wotero sungagamulidwe mwachilungamo.

Lero aliyense akulemba. Mayi wogulitsa tomato ku Mbare Musika, mnyamata wowotcherera mageti ku Siyaso, mtsikana wa kaunjika ku Mupedzanhamo, onsewa chala chili pa foni kuyambira m'mamawa mpaka usiku. Bandulo ya WhatsApp ndi yotsika mtengo kuposa data wamba, ndipo kwa anthu ambiri WhatsApp ndiyo intaneti imene. Kudula mawu kumene akuluakulu amadana nako, "zkm" m'malo mwa zikomo, "bwj" m'malo mwa bwanji, sikudabwere ndi WhatsApp. Kudabwera ndi SMS, imene inkalola zilembo 160 zokha pa meseji imodzi, ukapitirira pamenepo n'kulipira kawiri. Amene adayambitsa mchitidwewu lero ali ndi imvi, ena ndi madikoni, ena ndi amayi a mvano. Ndipo kunena zoona, "zkm" sadathawitsepo kasitomala. Chimene chimathawitsa kasitomala n'china.

Taganizani za kalipentala wa ku Glen View, kumene amakhoma mipando, mabedi ndi makabati. Munthu waona chithunzi pa status, walemba kuti, "Sofa iyi zingati?" Yankho labwera msanga: "250 bwana." Onse awiri akondwa, dipoziti yatumizidwa. Pakutha pa masabata awiri ayamba kulozana zala. Wogula ankaganiza kuti 250 ndi ya seti yonse, wopanga ankanena mpando waukulu wokha. Wogula ankayembekeza nsalu ya pachithunzi, wopanga waika imene adaipeza tsiku limenelo. Za galimoto yonyamula palibe adatchula. Tsiku lomaliza ntchito lidali "sabata yamawa", ndipo sabata yamawa imakhalapo sabata iliyonse. M'nkhani yonseyi mulibe sipelo yolakwika ngakhale imodzi. Mulibenso wakuba. Muli anthu awiri amene aliyense adalemba ngati kuti mnzakeyo akuona zimene zili m'mutu mwake.

Mu Harare vutoli limakula chifukwa cha ndalama zathu. Mzinda uno udaona dola ya Zimbabwe ikusanduka mapepala chabe mu 2008, madola a America ndi ma rand akulowa mu 2009, ma bond note mu 2016, dola ya RTGS mu 2019, ndipo ndalama yotchedwa ZiG mu April 2024. Kuno nambala yopanda dzina la ndalama si mtengo. 250 ya chiyani? Ya America kapena ZiG? Ya m'manja, ya pafoni monga pa EcoCash ndi pa InnBucks, kapena yoswaipa ndi khadi la kubanki? Ngati ndi ZiG, pa reti iti, ya tsiku logwirizana kapena ya tsiku lolipira? Nanga zimene amadula munthu akatumiza ndalama pafoni, azisenza ndani? Wamalonda aliyense wa pamsika mafunso amenewa amawadziwa pamtima, ndipo mukakumana naye maso ndi maso sangakusiyeni osawafunsa. Chodabwitsa n'chakuti akagwira foni amawaiwala. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Mukamayankhulana, nkhope ya mnzako imakukumbutsa zimene wasiya. Akakwinya pamphumi umadziwa kuti pali pamene sanamve. Polemba nkhope ija palibe. Uyenera kudzifunsa wekha mafunso amene wowerenga akadakufunsa, n'kuwayankhiratu. Limeneli ndi luso lochita kuphunzira, silibwera lokha.

Apa ndi pamene ndikuloza chala sukulu. Mwana wa kuno amalemba mayeso a ZIMSEC, Grade 7 kenako O-Level, ndipo aliyense amadziwa kuti popanda maphunziro asanu, Chingerezi chili momwemo, zitseko zambiri n'zotseka. Wochokera ku Malawi naye nkhani yake ndi yomweyo: ukalephera Chingerezi pa MSCE satifiketi palibe, ngakhale masamu utakhoza bwanji. Ndiye Chingerezi timachiopa, ndipo chimene mwana amachiopa amangochiloweza pamtima. Ana amaloweza ziganizo zotsegulira chimangirizo, mawu ataliatali osowa m'kamwa mwa anthu, zining'a za ku England zimene eni ake a ku London mwina adasiya kale kuzinena. Amalembera munthu mmodzi yekha, wochonga mayeso, amene ntchito yake ndi kuwerenga mpaka kumapeto n'kupereka malikisi. Kasitomala salipidwa kuti awerenge. Wogula katundu pa kampani ali ndi makotesheni ambirimbiri pa desiki, ndipo akafika pa mzere wachitatu osaona mtengo amatenga pepala lina.

Wina anena kuti, nanga kalata yantchito si timaiphunzira? Timaiphunzira ndithu: keyala ziwiri, tsiku, malonje, mutu wa kalata wodula mzere kunsi, mathero aulemu. Chimene timaphunzira ndi maonekedwe ake. Zamkati zimakhala zongopeka, kalata yopita kwa mkonzi wa nyuzi amene kulibe, yodandaula za msewu umene mwanayo sadauonepo. Ndi ana angati amene adauzidwapo kuti alembe kotesheni ya mawindo anayi ndi chitseko chimodzi? Ndi angati adayesererapo kulemba uthenga wokumbutsa ngongole kwa munthu amene sukufuna kudana naye chifukwa mawa udzamufunanso, kapena wopepesa kuti katundu wachedwa popanda kunama? Mumzinda umene ntchito zolembedwa n'zochepa ndipo anthu ambiri amadya za geni, zolemba zimene zimabweretsa ufa pakhomo ndi zimenezi. Sukulu imakonzekeretsa mwana kulemba kalata yofunsira ntchito imene mwina sadzaipeza, n'kumusiya osadziwa kulemba lisiti la ntchito imene adzadzilembe yekha.

Aphunzitsi sindikuwada. Munthu amaphunzira kulemba pamene wina wawerenga zimene walemba n'kumubwezera kuti, "Apa sindinamve, konza." Zimenezi zimafuna nthawi, ndipo nthawi ndi imene mphunzitsi wa kalasi yodzaza alibe. Ku Malawi maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana adasefukira m'makalasi aphunzitsi asanachuluke. Kuno mu 2008 aphunzitsi ambiri adasiya choko n'kulowera ku South Africa ndi ku Botswana, ndipo ana a chaka chimenecho ndiwo akuyendetsa mabizinesi lero. Mu March 2020 sukulu zidatsekedwa chifukwa cha Covid-19, maphunziro n'kusamukira pa wailesi ndi pa WhatsApp yomweyo imene tikuitukwanayi. Makolo amene ankalanda ana mafoni adayamba kuwagulira bandulo kuti alandire manotsi. Mwana amene makope ake sadachongedwe miyezi yambirimbiri sitingamudabwe akamalemba chiganizo chopanda mpumiro.

Foni nayo ndi mphunzitsi, ndipo zina imaphunzitsa bwino. Achinyamata ogulitsa nsapato ndi mafoni pa Facebook amadziwa kukopa maso ndi mawu ochepa, amadziwa kuti chithunzi chiyenera kukhala chowala, amadziwa kuti kasitomala ukamuchedwera kuyankha wapita kwa wina. Ena amagwiritsa ntchito WhatsApp Business, imene idatuluka mu 2018, n'kuikamo katundu wawo yense ndi mitengo yake. Zimenezi palibe adawaphunzitsa m'kalasi. Koma foni imaphunzitsa kulemba pakati pa anthu odziwana, amene mawu awiri amawakwanira chifukwa zina zonse akuzidziwa kale. Chizolowezi chimenechi chikalowa m'malonda ndiye timaona munthu akutumiza tizidutswa khumi ta uthenga umodzi, mtengo uku, saizi uko, pakati pali tinkhope toseka. Timaonanso matenda aja a "mtengo ku inbox". Wogulitsa amaganiza kuti wachenjera, kuti anzake opikisana naye asaone mtengo. Wogula amaganiza kuti mtengowo umasintha malinga ndi nkhope ya munthu, ndipo nthawi zambiri saganiza molakwa. Ukafunsa kuti shopu ili pati, yankho ndi "m'tauni", ngati kuti tauni ya Harare ndi khonde la nyumba imodzi.

Za voice note ndiyenera kuyankhula mosamala, chifukwa yathandiza anthu amene sukulu idawadutsa. Agogo amene sangathe kugwira cholembera lero amatumiza okha uthenga ku Dedza kapena ku Mangochi popanda kuchonderera mdzukulu. Ulemu ndi chisoni zimamveka bwino m'mawu kuposa m'zilembo, ndipo uthenga wopepesa maliro ine ndimakonda kuumva kusiyana ndi kuuwerenga. Koma pa bizinesi voice note ndi mboni yovuta kuitana. Mtengo uli pa mphindi yachitatu, pakati pa nkhani ya mvula ndi ya matenda a alamu. Pakabuka mkangano patapita miyezi iwiri, uyenera kukhala pansi kumvetsera zonse kuti upeze pamene adatchula nambala. Tisaiwalenso kuti WhatsApp imalola munthu kufufuta uthenga kwa onse, kutchera mauthenga kuti azizimiririka okha, ndipo kuyambira 2023 kusintha zimene walemba pasanathe mphindi 15. Foni nayo imagwera m'madzi, imabedwa mu kombi. Mankhwala ake ndi otsika mtengo. Mukamaliza kukambirana, mmodzi alembe uthenga umodzi woyamba ndi mawu akuti "Tagwirizana kuti", atchule katundu, kuchuluka kwake, mtengo ndi dzina la ndalama, zimene zalipiridwa, zimene zatsala ndi tsiku. Winayo ayankhe kuti "Eya, ndi momwemo." Kenako zikalowe m'kope. Amalonda akale ankatero ndi kabuku ka ngongole, ndipo sankaona ngati n'kusakhulupirirana.

Palinso nkhani ya moni, imene imagawa anthu pawiri. Ife Achewa, Ayao, Angoni, Alomwe ndi Atumbuka amene timakumana m'Chichewa kuno sitiyamba nkhani tisanalonjerane, ndipo anzathu Achishona nawo ndi chimodzimodzi. Ena amene adawerengako za bizinesi amati malonda amakono alibe nthawi ya moni, ungolunjika pa mfundo. Sindigwirizana nawo. Mnyamata amene amalembera munthu wa msinkhu wa bambo ake kuti "ukufuna zingati" wataya kasitomala pamodzi ndi onse amene kasitomalayo akadawatuma kwa iye. Chimene chimatopetsa ndi moni wotumizidwa wokha. "Mwaswera bwanji, bambo?" Kenako zii, kudikira yankho. Likabwera, "Ndili ndi kafunso." Ziinso. Pofika pa nkhani yeniyeni dzuwa lapendeka, ndipo munthu uja adali pa makina kapena pa chiwongolero. Ulemu ndi nkhani zikhoza kuyendera limodzi: "Mwaswera bwanji, amayi. Ndine telala uja wa ku Dzivarasekwa amene mudandipatsa ntchito ya mayunifolomu. Ndamaliza 10, 5 otsalawo ndimaliza Lachinayi. Yotsala kulipira ndi madola 30 a America, m'manja kapena pa EcoCash." Uthenga uwu mulibe mwano, ndipo amayiwo safunika kufunsanso kanthu.

Amene amatumiza katundu kumudzi pa basi yodzera ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza amadziwa mtengo wa uthenga woperewera. "Katundu ali pa basi, mukalandire." Basi iti? Yanyamuka liti? Matumba angati, olembedwa dzina lanji? Nambala ya kondakitala ili kuti? Wolandira amathera tsiku lonse pa depoti ku Blantyre akufunsa basi iliyonse yofika. Zikafika poti uthengawo wadzera kwa alamu, alamu n'kuuza mphwawo, mphwawo n'kuuza mnansi amene ali ndi foni, ndiye paja akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa.

Apa ndivomereze kuti pali pamene sipelo imaluma. Potumiza ndalama kudzera ku Mukuru kapena njira zina zonga imeneyo, dzina la wolandira liyenera kufanana ndi la pa chiphaso chake. Mabanja athu ambiri ali ndi dzina limodzi lolembedwa mitundu iwiri, chifukwa amene adalemba agogo m'kaundula kuno adalemba monga mmene khutu lake lidamvera. Chilembo chimodzi chikasiyana, mayi wokalamba amabwerera chimanjamanja atalipira kale kabaza. Ife tiyenera kudziwa kulemera kwa pepala kuposa wina aliyense mumzinda uno. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu ambiri obadwira konkuno kwa makolo a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia adapezeka akuwerengedwa ngati alendo, ndipo padatengera malamulo oyendetsera dziko a 2013 kuti njira yobwerera ku unzika itseguke. Ngakhale pamenepo padafunika mafomu, makalata ndi maumboni olembedwa. Mabanja amene adali ndi munthu wodziwa kulemba zomveka adayenda msanga.

Malamulo omwewo a 2013, m'gawo 6, amatchula ziyankhulo 16 zovomerezeka m'Zimbabwe, ndipo Chichewa chili momwemo. Pa wailesi ya National FM timachimva. Koma mwana wa ku Mbare kapena ku Epworth akalowa m'kalasi amapeza Chishona ndi Chingerezi. Chichewa amachitola kwa agogo, m'nyimbo za ku CCAP, pamaliro, pa gule. Malamulo a kalembedwe kake, amene ku Malawi adakonzedwa ndi Chichewa Board m'zaka za m'ma 1970 ndipo ana amawaphunzira kusukulu, iye sadawaonepo. Ambiri mwa ana otere alemba Chichewa koyamba m'moyo wawo pa gulu la banja la WhatsApp. Amalemba monga mmene adaphunzirira kulemba Chishona, amasakaniza, amaphonya. Achibale akumudzi amaseka, amati n'Chichewa cha ku Harare. Mwanayo akasekedwa kangapo amathawira ku Chingerezi ndipo sabwereranso. Ndiye tinene kuti chiyankhulo chaphedwa ndi foni, pamene foni ndi imene idamutsegulira khomo, ife n'kumutsekera ndi chipongwe? Komanso si nkhani ya chikhalidwe chokha. Amene amaoda mpunga wa Kilombero, usipa ndi zitenje kuchokera ku Malawi amakambirana ndi ogulitsa m'Chichewa, amagulitsa kuno m'Chishona, ndipo mapepala a pa chipata ali m'Chingerezi. Mwana amene angalembe zomveka m'ziyankhulo zitatuzi ali ndi chuma chimene anzake a m'kalasi alibe, kungoti palibe amamuuza.

Ndikudziwa yankho la ena: bola tikumvana, geni ikuyenda, za galamala tisiyireni aphunzitsi. Yankho limeneli lili ndi nzeru yake, ndipo limagwira ntchito malinga ngati makasitomala ako onse ndi a mumzere wanu, a kutchalitchi kwanu ndi a pachibale. Limathera pamene ukufuna kukula. Tsiku limene sukulu ikufuna madesiki, kapena kampani ikufuna wosoka maovolosi, sadzakufunsa pa voice note. Adzafuna kotesheni yolembedwa, invoisi, kalata ya ZIMRA, bungwe lotolera msonkho, yosonyeza kuti msonkho uli m'malo, ndipo ngati ndi ntchito ya boma, kulembetsa ku PRAZ, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma. Mmisiri waluso amene sangathe zimenezi amathera kugwira ntchito pansi pa munthu amene sadziwa kugwira sowo koma amadziwa kulemba. Wolembayo ndiye amatenga tenda, mmisiri n'kulandira zotsala. Pitani kulikonse kumene amisiri amagwirira ntchito mumzinda uno, mukapeza anthu apakati otere ataima ndi mafayilo m'khwapa. Sindikuwanyoza, adaona mpata. Ndikungonena kuti mpatawo udatseguka chifukwa cha cholembera.

Tsopano kwabwera ChatGPT, imene idatuluka kumapeto kwa 2022, ndi zinzake, ndipo ena akuti vuto latha, makina azitilembera. Pa Chingerezi zimathandiza ndithu, ndipo sindiona cholakwa kuti wowotcherera zitsulo apemphe makina kuti amuwongolere galamala. Koma makina sadziwa kuti chitsulo wagula pa mtengo wanji lero, sadziwa kuti magetsi akhala akuzima ndipo ntchito ichedwa, sadziwa kuti kasitomala uyu ndi apongozi a mnzako. Munthu amene sadziwa zimene uthenga wa bizinesi uyenera kunyamula amalandira ndime zitatu zosalala, zodzaza ndi kuthokoza, mtengo ndi tsiku mulibe. Ndayamba kuona makalata otere, ndipo onse amafanana ngati obadwa kwa mayi mmodzi. Wowerenga wochenjera amayamba kukayika, chifukwa akathyali a pa intaneti nawonso masiku ano amalemba Chingerezi chosalala chomwecho. Chimene chimapatsa munthu chikhulupiriro ndi mfundo zimene angathe kuzitsimikiza: malo enieni a shopu, dzina limene litatuluke akatumiza ndalama, tsiku lenileni.

Kusukulu mpata ulipo. Mu 2024 boma lidachotsa CALA, ntchito imene ana ankapatsidwa pasukulu yowerengeredwa pa malikisi a mayeso, imene makolo ankailira chifukwa ntchito yambiri inkathera m'manja mwawo, n'kubweretsa ndondomeko ina ya maphunziro yotchedwa Heritage-Based Curriculum ndi ma project a pasukulu. Ngati cholinga ndi choti maphunziro akhudze moyo weniweni wa ana, palibe project yoposa kutuma mwana kwa mmisiri wa m'dera lake kuti akaone mmene amagwirizanirana ndi makasitomala, n'kubwera atalemba kotesheni ndi uthenga wa pangano, anzake m'kalasi n'kuyesa kupeza mafunso amene sanayankhidwe. Mphunzitsi safunika kuchonga yekha makope onse, ana eni ake amadziwa kufunsa kuti "250 ya chiyani?" Mantha anga ndi akuti ma project nawo asanduka malonda, makolo kumagula zolembalemba pa ngodya ya msewu, mwana osagwira cholembera. Zikatero tidzakhala tangosintha dzina.

Koma sindikufuna kuti tidikire unduna, chifukwa sukulu ina tili nayo kale ndipo ndi yathuyathu. Mabungwe a maliro amene agogo athu adayambitsa, poopa kuikidwa ngati osowa mbale m'dziko la eni, akadalipo m'madera ambiri a mzinda uno. Lililonse lili ndi wapampando, msungichuma ndi mlembi, lili ndi buku lachikuto cholimba, lili ndi malamulo onena za amene ayenera kuthandizidwa ndi amene watsalira pa zopereka. M'mipingo namonso muli mabuku a maminitsi, a mvano, a kwaya, a achinyamata. Zolemba zimenezi ndi za bizinesi zenizeni: muli mayina, masiku, ndalama ndi zogwirizana, ndipo zikalakwika anthu amakangana pamaso pa mtembo. Amene amazilemba nthawi zambiri ndi bambo mmodzi wachikulire amene wagwira bukulo zaka zambirimbiri, maso ayamba kufooka, koma cholembera sakufuna kuchisiya. Achinyamata amawaitana ikafika nthawi yonyamula mabenchi ndi yokumba manda.

Ndikupempha kuti mlembi aliyense akhale ndi wachinyamata pambali pake, mnyamata kapena mtsikana, amene azilemba maminitsi m'Chichewa, kuwatumiza pa gulu la WhatsApp la bungwe, n'kuwawerenga mokweza pa msonkhano wotsatira. Pamenepo adzakumana ndi owerenga amene sukulu sidamupatse: amayi amene adzaimirira n'kunena kuti, "Ayi mwanawe, ine ndidapereka madola 5, osati 3, ndipo adali a America," ndi abambo amene adzafunsa kuti tsiku limene adagwirizana lija lalembedwa pati. Akadzudzulidwa kangapo pa gulu, sadzalembanso nambala yopanda dzina la ndalama, kaya ndi m'buku la bungwe kaya ndi kwa kasitomala wake. Akuluakulu ena ndikawauza zimenezi amagwira thumba, amati ana a masiku ano ndi ndalama n'zosayenderana. Buku la ndalama likhalebe kwa msungichuma. Limene ndikupempha ndi la maminitsi.